Ba Fred Nsofwa ndi Dimba la Mlamu Wawo

Ba Fred Nsofwa ndinawadziwa mu 2009, chaka chomwe ndinalembedwa ntchito yoyendetsa lole ya gulu lotsegula mapaipi a suweji mu Lusaka. Ine kwathu ndi ku Katete, iwo anali Mbemba, ndiye kuyambira m'mawa woyamba ankangonditchula kuti mbuya, monga achitira Abemba ndi ife a kum'mawa tikamanyogodolana.

"Shani mbuya?" anandilonjera m'Chibemba akukwera kutsogolo kwa lole. "Mwadya mbeba zingati lelo? Kwamene tiyenda muzazibweza zonse."

Ndinaseka za mbewazo. Ndinkayesa ndi nthabwala chabe.

Tsiku limenelo anatiitana ku Kabulonga, kunyumba ina ya mpanda wautali wokhala ndi waya wamagetsi pamwamba. Zoipa zinali zitabwerera m'nyumba, zikutulukira m'bafa. Ba Fred anatsegula chivindikiro cha maniholo, dzenje lomwe mapaipi a pansi amakumaniramo, nayamba kulowetsa ndodo zachitsulo zolumikiza imodziimodzi. Anakankha, napotoza, nakoka. Chomwe chinatuluka chinali chachikulu ngati mwana wa mbuzi: matewera otaya, tsitsi la mawigi, makondomu, nsanza, zonse zitamatirirana ndi mafuta ophikira owuma. Mphutsi zoyera zinkayenda pamwamba pake. Fungo linandigwira pakhosi ngati dzanja, ndipo ndinasanza pa kapinga wometedwa bwino wa eni nyumba, ndikugwira tayala la lole.

Ba Fred anandidikira. Nditatha anapempha madzi akumwa. Mayi wogwira ntchito m'nyumbamo anatibweretsera m'makapu a pulasitiki, ndipo titamwa n'kufuna kubweza makapuwo, iye anabisa manja kumbuyo.

"Madamu akuti mutenge che," anatero akuyang'ana pansi.

Madamuyo anali pawindo, atatseka mphuno ndi kansalu. Ba Fred anatenga kapu yawo nakaikhazika bwinobwino pamwamba pa mulu wa zonyansa zija.

"Ivi vonse ni vao," anandiuza tikunyamuka. "Ife tavichosa chabe."

Ndinayenda nawo zaka khumi ndi zitatu, ndipo mbiri yawo ndinaimva pang'onopang'ono m'lolemo, tikudikira pa marobote kapena titaima pansi pa mtengo masana. Anabadwira ku Mufulira mu 1969. Bambo awo, ochokera ku Luapula, ankagwira ntchito pansi pa mgodi, ndipo ba Fred anakula akudziwa kuti nawonso adzalowa komweko. Koma pomwe ankafika msinkhu, migodi inali ikuchotsa anthu m'malo molemba. Mu 1995 anakwera sitima kubwera ku Lusaka, nafikira kwa azakhali awo ku Kabwata. Kwa chaka chathunthu anakankha wilibala ku Kamwala, kunyamulira amalonda mabelo a nsalu ndi malata. Kenako mkulu wina wa kutchalitchi anawauza kuti kumalo oyeretsera madzi a suweji, komwe tonse timangoti ku pulanti, kukufunika munthu.

"Nenze kuganiza ati nchito ya manzi ni yoyela," ankatero akuseka. "Nenze navala na shati ya waiti."

Anawaika pa chipata, pomwe madzi onse a m'zimbudzi ndi m'mabafa a m'tauni amafikira. Pamenepo pali zitsulo zoimikidwa ngati mano a chipeso, zogwira zinyalala kuti zisapitirire. Ntchito yawo inali kuima pamwamba ndi chikandiro chachitali, n'kumakoka chilichonse chomwe chakodwa, kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Madziwo akadutsa pamenepo amapita m'ngalande momwe mchenga umadikha, kenako m'matanki ozungulira momwe matope akuda amatsikira pansi, kenako m'maiwe akuluakulu, mapondi, komwe dzuwa ndi masiku zimamaliza ntchito madziwo asanatayidwe mumtsinje. Ba Fred ankaudziwa ulendo umenewu ngati njira ya kwawo, ndipo ankakwiya munthu akati ku pulanti n'kumalo kotayira manyi.

"Kuja sititaya," ankatero. "Kuja tisuka."

Anaima pa chipatacho zaka khumi ndi chimodzi. Ankanena kuti ngakhale atawachotsera kalendala akanadziwa tsiku poyang'ana madzi. Lolemba kunkabwera mafupa a nkhuku ndi zotsekera mabotolo. Mafakitale a ku Heavy Industrial Area akatsuka matanki awo, madzi ankasanduka obiriwira kapena ofiira, maso n'kumayabwa. Anakokapo mano oikirira, mafoni, galu wotupa, mipeni. Kamodzi, m'mawa wina wa Juni, anakoka kamwana kosakwana masiku. Anavula shati yamkati, nakakulunga, nakhala nako pambali mpaka apolisi atafika. Nkhani imeneyi anandiuza kamodzi kokha, ndipo sindinafunsenso.

Chodabwitsa n'chakuti sindinaonepo munthu waukhondo ngati iwo. Zikhadabo ankadula mpaka panyama. Ovololo ndi magambuti sizinkalowa m'nyumba mwawo. Asanachoke kuntchito ankasamba kawiri, ndipo mu minibasi ya ku Kabwata ukanayesa ndi mphunzitsi. Pazaka zonsezo, ankatero, sanasanzepo ngakhale tsiku limodzi. Ankanyadira zimenezo monga ena anyadira satifiketi.

Akazi awo, ba Kathleen, anali a ku Mansa. Pofunsira, ba Fred anangoti amagwira ntchito ku madzi, ndipo zenizeni zinadziwika ukwati uli pafupi. Ba Kathleen analira masiku awiri koma sanabwerere m'mbuyo. Anabereka mapasa, Tanya ndi Emmy, motero ku Kabwata konse ankadziwika kuti bashi Mpundu ndi bana Mpundu, maina omwe Abemba amapatsa makolo a mapasa. Ba Kathleen anali ndi tebulo la ndiwo zamasamba mumsika, ndipo ana aja anaphunzira ndi tebulolo pamodzi ndi chikandiro cha bambo awo.

Amene sanaiwale za ntchitoyo anali ba Kabwe, mchimwene wa ba Kathleen. Anali munthu wa pakamwa pokoma ndi nsapato zosongoka, amene anayesapo kugulitsa zovala za salaula, matayala, ngakhale nkhuku, zonse n'kulephera. Pamaukwati ndi pamaliro, ba Fred akamafika, ba Kabwe ankakweza mphuno m'mwamba ngati galu wosaka.

"Mwamvela? Ba mulamu bafika! Segulani mawindo!"

Anthu ankaseka, ba Fred n'kusekerera nawo. Ndinaziona ndekha pa ukwati wa Tanya, pomwe ba Kabwe analandira moni wa ba Fred kenako napukuta dzanja pa thalauzi anthu akuona. Ndinafuna kuyankha, koma ba Fred anandiponda phazi pansi pa tebulo.

Cha m'ma 2019 zinthu zinayamba kuwayendera ba Kabwe. Anati apeza malo a dimba kuseri kwa Chelstone, ndipo pasanathe chaka anagula kagalimoto kotsegula kumbuyo. Repu wawo anali wa masamba otambalala ngati mbale, wobiriwira mpaka kuda, ngakhale mu Okutobala pomwe madimba ena amapsa. Ankaperekera masamba kumatebulo angapo a ku Kabwata, kuphatikizapo la mlongo wawo, ndipo letesi ankakagulitsa pamageti a ku Woodlands ndi Kabulonga. Loweruka lililonse ankatsitsa mtolo wapadera wa banja la ba Fred.

Ba Fred anakondwera ndi mtima wonse. "Mwaona mbuya," anandiuza, "muntu akapeza nchito yake asintha. Manje ba Kabwe banipasa na moni bwino." Kangapo konse anandigawira masambawo, ine n'kukapereka kwa mkazi wanga.

Mu Okutobala 2022 bwana wathu, ba Choolwe, mayi wa ku Monze amene ankayang'anira mapaipi a mbali ya kum'mawa, anatiitana mu ofesi. Anati madzi ofika ku mapondi a mbali imeneyo achepa kwambiri, chonsecho anthu sanasiye kupita kuchimbudzi. Penapake paipi yaikulu inali ikutaya.

Lusaka amaoneka wathyathyathya kwa woyenda pa galimoto, koma madzi amadziwa kotsika. Kuseri kwa Chelstone nthaka imapendekera ku chigwa cha bango ndi mlulu, ndipo paipi yaikulu imatsata chigwacho. Tinayenda ndi lole mpaka pomwe msewu unathera, kenako wapansi, tikutsegula maniholo amodziamodzi. Dzenje lachisanu ndi chiwiri tinalipeza litadzaza mpaka kukamwa, zoipa zikusefukira pambali. Ba Fred analowetsa ndodo, ndipo zinagunda chinthu cholimba. Atakoka ndi ngowe, panatuluka thumba la ufa lodzaza mchenga, lomangidwa bwino kukamwa ndi waya. Kenako lina. Tinatulutsa asanu.

"Aya sanagwele mo yeka," anatero ba Fred.

Tinatsegula, madzi anayenda, tinabwerera. Patapita masiku anayi ba Choolwe anatiuzanso kuti madzi achepa. Tinapeza matumba asanu ndi limodzi. Ulendo wachitatu, Lachinayi lina dzuwa likuswa mtengo, ba Fred sanatsegule n'komwe chivindikiro. Anaima n'kumayang'ana komwe madzi osefukirawo ankalowera. Sankamwazika ngati madzi otayika. Ankatsata kangalande kokumbidwa ndi khasu, kowongoka bwino, kolowa m'bango.

"Tiyeni mbuya," anatero.

Tinatsata kangalandeko. Madzi ake anali otuwa, okhuthala ngati phala, ndipo zomwe zinkayandama pamwamba sizinkafuna kufunsa kuti n'chiyani. Ntchentche zobiriwira zinkatimenya kumaso. Titapyola bangolo tinatulukira pa dimba lalikulu kuposa mabwalo awiri a mpira, lobiriwira lonse pakati pa tchire louma. Kangalande kaja kanagawika m'timifuleni tolowa pakati pa mabedi. Amuna ndi akazi anali ataima m'madzimo opanda nsapato, akutunga ndi zitini n'kumathira pamwamba pa masamba. Pa repu wina ndinaona timapepala ta m'chimbudzi titauma n'kumamatira. Pafupi ndi ife mayi wina anali atagwada pa kadziwe komwe madziwo anadikha pang'ono, akuviika letesi, kumukutumula, n'kumuyala bwino m'kreti yoyera.

Ndinakumbukira mkazi wanga akudula masamba aja pa thabwa, ana anga akunyambita zala.

Ba Fred sankayang'ana masamba. Ankayang'ana kutsidya, pansi pa mtengo wa mango, pomwe panaima kagalimoto kotsegula kumbuyo. Munthu amene ankakweza makreti anatembenuka, ndipo anali ba Kabwe, atavala magambuti atsopano ofika m'mawondo.

Anatiyang'ana kanthawi, kenako anabwera akumwetulira, manja ali m'matumba.

"Ba mulamu! Mwabwela kuona dimba lelo?"

"Ndimwe muika masaka mu maniholo?"

"Awe, sindine neka. Tonse kuno tigwilizana. Ni manzi ya boma, siya muntu."

"Aya si manzi, ba Kabwe. Aya ni matuvi. Yakalibe kufika na ku mapondi. Yachoka che mu toileti manje manje."

Ba Kabwe anaseka, nayang'ana anthu aja kuti aseke nawo. "Manje manyowa ni chani? Ya ng'ombe muvomela, ya bantu mukana? Mvula kulibe, feteleza yadula. Masamba timasuka, mwaona mweka." Analoza mayi wa letesi uja. "Ndani anafa? Imwe zaka zitatu nikubweletselani, simuli apa? Mwaina na kuina, mwanenepa."

Ba Fred anapotoloka, nayenda mapazi atatu, nawerama. Munthu amene anakoka agalu otupa ndi dzanja lake kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi anasanza pamenepo, pambali pa bedi la repu, mpaka m'mimba munatsala ndulu yokha. Ine ndinawagwira paphewa. Anthu aja anasiya kutunga n'kumatiyang'ana.

"Onani," anatero ba Kabwe kumbuyo kwathu, "ba matuvi bayamba kunyansidwa na matuvi."

Pobwerera, titafika m'tauni, ba Fred anandiuza kuti ndikhotere ku Kabwata, kumsika. Inali cha m'ma 3 koloko. Anatsika ndi ovololo ndi magambuti, chinthu chomwe sanachitepo, ndipo ine ndinawatsatira chapatali chifukwa nkhope yawo inandiopsa.

Ba Kathleen anali pa tebulo lawo, akuwaza madzi pa mitolo ya repu kuti isafote. Ataona amuna awo anaika pansi kabotolo.

"Bana Mpundu," anatero ba Fred motsitsa mawu, "aya masamba muziba kwamene yachoka?"

Ba Kathleen anayang'ana kumanja ndi kumanzere. "Bashi Mpundu, osakamba apa. Tizakamba kunyumba."

"Nafunsa. Muziba? Nachoka kwamene kuja. Vamene tadya zaka zitatu, ine na imwe na bazukulu..."

"Simunadyeko," anawadula mawu, akunong'ona. "Olo kamozi. Va Sataday nimavileta kuno. Va panyumba nimagula kwina, kuli ba ku Chongwe."

Ananena zimenezo ngati munthu wotonthoza mnzake, ndipo ndikhulupirira ankayembekezera kuti amuna awo apuma. Ba Fred anangowayang'ana. Ndinaona nkhope yawo ikusintha pang'onopang'ono, milomo ikukwinyika monga inachitira ku dimba kuja.

"So mwenze kuziba."

"Ni mukulu wanga. Nikakana, azagulisa kuli benangu. Bonse apa batenga kuli yeve."

"Na vamene nenze kupasa ba mbuya?"

Ba Kathleen anandiyang'ana, kenako anayang'ana pansi. Zinadziwika kuti masiku omwe ba Fred ankapempha mtolo woti andipatse ine, ba Kathleen ankawapatsa wa pa tebulo.

Nthawi yomweyo panafika mtsikana wina wobereka mwana kumbuyo, nasankha mitolo iwiri ya repu. Ba Kathleen, mwa chizolowezi, anatambasula dzanja kufuna pepala lokulungira. Ba Fred analanda mitoloyo m'manja mwa mtsikanayo.

"Yendani mukagule kwina, mayo," anatero. "Aya yaola."

Kenako anatola thumba lopanda kanthu pansi pa tebulo nayamba kukokoloramo chilichonse, repu, chayinizi, letesi, anyezi wamasamba. Ba Kathleen anawagwira mkono akulira, amayi a matebulo oyandikana anaimirira n'kuyamba kukuwa, koma iwo sanamve. Ananyamula thumbalo paphewa, nakaliponya kumbuyo kwa lole, pamwamba pa matumba a mchenga omwe tinatulutsa m'paipi ulendo wapitawo.

M'mawa mwake analowa mu ofesi ya ba Choolwe ine ndili pambuyo. Anafotokoza zonse, ndipo dzina la mlamu wawo analitchula lonse osafunsidwa.

"Ba Nsofwa," anatero ba Choolwe atamva, "mukudziwa kuti zikapita kwa a zaumoyo sizibwereranso? Ndikhoza kulemba kuti tapeza tokha."

"Lembani ati ndine," anayankha.

Sabata yotsatira tinabwerera ku chigwa kuja ndi simenti, miyala ndi zitsulo. Tinatsegula paipi, n'kuthira chikhonkiriti chokhuthala pamwamba pa maniholo aja, kusiya kachitseko ka loko. Tsiku lomwelo kunafika a zaumoyo ndi apolisi awiri, pamodzi ndi anthu a zikwanje. Anatchetcha dimba lonse. Fungo la masamba odulidwa litasakanikirana ndi la matope aja padzuwa linali loipa kuposa la m'maniholo, lotsekemera ngati chinthu chovunda m'kabati.

Ba Kabwe sanaoneke. Anali atamva kale, nachotsa galimoto ndi makreti awo. Amene analipo anali eni mabedi ang'onoang'ono, ambiri a iwo amayi, ena okalamba. Apa m'pomwe ndinadziwa kuti dimbalo silinali la munthu mmodzi. Mabanja oposa makumi atatu ankadya pamenepo, ndipo ba Kabwe anali wogula ndi wonyamula chabe, kuphatikiza kukhala mwini nzeru ya matumba. Mayi uja tinamupeza akutsuka letesi anabwera molunjika kwa ba Fred, chitenje chitanyowa mpaka m'chiuno.

"Ndimwe?" anafunsa. "Nili na bana bafayivi, tate wao anafa. Muzabadyesa imwe?"

Mayiyo anawalavulira pa chifuwa cha ovololo. Ba Fred anayang'ana malovuwo akutsika, osawapukuta, nabwerera kukasalaza khonkiriti ndi thabwa. Tikuchoka, miyala iwiri inagunda chitseko cha lole.

"Uja mai sananame," anatero tili pamsewu. Patapita kanthawi anawonjezera kuti, "Koma mumanzi muja sangabwelelemo na bana bake. Awe."

Kubanja zinavuta kuposa pamenepo. Lamlungu lotsatira akuchikazi anaitanitsa msonkhano ku Chelstone, kunyumba kwa amalume a ba Kathleen. Ine sindinapiteko, koma ba Fred anandiuza Lolemba. Anawakhazika pa kampando pakati, nawauza kuti ndi munthu wa nsanje, kuti sanafune kuona mlamu wawo akutukuka, kuti banja linawalandira ndi fungo lawo lomwe ndipo iwo abweza chipongwe. Anawalamula kuti apepese kwa ba Kabwe ndi nkhuku. Ba Fred anati anaimirira, nawathokoza chifukwa cha mawu awo, nawafunsa funso limodzi: ndani mwa iwo amene ankadya masambawo kunyumba kwake? Panalibe ngakhale mmodzi. Onse ankadziwa, mpaka amalume omwe.

"Banyumba yonse, mbuya," anandiuza akuyang'ana kunja kwa windo la lole. "Bonse benze kuziba, bonse benze kugula kwina. Neka ine nenze kuyamika."

Ba Kathleen sanabwerere nawo ku Kabwata tsiku limenelo. Anakakhala kwa Tanya miyezi isanu. Kumsika tebulo lawo linakhala lopanda kanthu, ndipo amayi ena a masamba anasiya kuyankha moni wa ba Fred, chifukwa nkhani itamveka makasitomala anathawa mzere wonsewo kwa milungu ingapo. Kutchalitchi anthu ena anasamuka pa benchi yomwe iwo ankakhala.

Ba Fred anawonda. Masana tikaima kuti tidye, ankagula mabanzi ndi tiyi basi. Akaona munthu akudya chilichonse chobiriwira ankatembenukira kumbali. Anayambanso kuyang'ana anthu mwa mtundu wina. Tikamadutsa ku Woodlands n'kuona wogulitsa letesi pa geti, ankandiuza kuti ndichepetse liwiro kuti aone makreti. Tsiku lina pa Longacres anatsika n'kuyamba kufunsa mayi wina wosalakwa komwe amatenga tomato, mpaka ndinachita kuwakoka.

Kumayambiriro kwa 2023 anapempha ba Choolwe kuti awabweze ku pulanti, pa chipata pomwe anayambira. Ba Choolwe anadabwa, chifukwa imeneyo ndi ntchito ya oyamba kumene, ndipo palibe amene amaipempha.

"Nalema kuyenda mu manyumba ya bantu," anatero ba Fred.

Anawalola. Ine anandipatsa munthu wina woyenda naye, ndipo ba Fred ndinkangowaona tikapita kukakhuthula. Ankakhala ataima pamwamba pa zitsulo zija ndi chikandiro, tsitsi litachita imvi, akukoka nsanza mosafulumira. Ankandikwezera dzanja, nthawi zina n'kufuula za mbewa, koma osati monga kale.

Ba Kathleen anabwerera kunyumba mu Malichi chaka chimenecho, Emmy atawanyengerera. Palibe anapepesa mnzake, malinga ndi zomwe Emmy anauza mkazi wanga. Anangofika ndi chikwama, nayamba kusesa. Masamba sanagulitsenso. Pa tebulo lawo anaikapo nyemba, kapenta ndi mtedza, zinthu zouma zokhazokha. Ba Kabwe anagulitsa kagalimoto kaja, ndipo mpaka lero akakumana ndi ba Fred pamaliro amadutsana ngati sadziwana. Kolera itavuta mu Lusaka nyengo ya mvula yotsatira, ena kuntchito ankati tsopano akuchikazi aja awona kuti ba Fred ankanena zoona. Palibe anabwera kudzanena zimenezo, ndipo ba Fred sanayembekezere.

Anapuma pa ntchito chaka chatha. Mwezi wapitawu ndinadutsa pamsika wa Kabwata Loweruka masana, ndipo ndinawapeza atakhala pa kreti kuseri kwa tebulo la akazi awo, lichero lili pamiyendo, akusankha timiyala mu nyemba. Ba Kathleen anandilandira bwino, ngakhale mpaka pano sandiyang'ana m'maso nthawi yaitali. Tinacheza za mvula, za zidzukulu, za anzathu omwe anamwalira. Nditaimirira kuti ndizipita, ba Fred anafunsa osakweza mutu.

"Mbuya, ija konkili yathu ikalipo?"

Ndinafuna kunama. Ndinali nditapitako masabata awiri m'mbuyomo. Pamwamba khonkiriti inali bwinobwino, loko ali pomwepo, koma mamita angapo kumtunda kwake anthu anakumba mpaka kupeza paipi yeniyeniyo, naiboola ndi piki. Bango linali litatchetchedwa, mabedi atsopano atayalidwa, ndipo repu anali atafika kale m'mawondo.

Ndinawauza momwe zinalili.

Ba Fred anatola kamwala mu nyemba, nakayang'ana, nakaponya pansi. Ba Kathleen anayamba kukonza timilu ta kapenta tomwe tinali tokonzeka kale.

"Ba Choolwe baziba?" anafunsa.

"Ndinawauza. Akuti tipitako Lachiwiri ndi simenti."

"Mutenge na mawaya yokulu," anatero. "Yaja ya kudala yenze yoonda. Na galimoto muimike patali, bazakutemani myala."

Ndinagula nyemba za ku Solwezi mbale ziwiri, ndipo ba Kathleen anawonjezerapo dzanja limodzi.